Khutu ndi Muyeso: Mbiri ya Mkangano wa Ampulifaya za Mavalavu

M'chaka cha 1945, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikutha kumene, injiniya wa ku London dzina lake Harold Leak anatulutsa ampulifaya n'kuipatsa dzina la nambala. Anaitcha Point One, pofuna kuti aliyense adziwe kuti makina akewo ankapotoza mawu ndi 0.1 peresenti yokha, pa nthawi imene ampulifaya zambiri zinkapotoza ndi maperesenti angapo. M'kati mwake munali mavalavu, timababu tagalasi tija timatentha n'kumayaka mofiirira, timene ena amati machubu. Potsatsa malonda ake, Leak sanatame kukoma kwa mawu. Anatama nambala, ndipo atatulutsa mtundu wotsatira wa TL/12 mu 1948, wailesi ya BBC inagula zambiri zokagwiritsa ntchito m'masitudiyo ake.

Masiku ano ampulifaya za m'badwo umenewo zimagulidwa pa mitengo yoboola m'thumba, ndipo ambiri mwa ozigula amanena zosemphana ndi zomwe Leak ankanena. Iwo amati manambala sadziwa nyimbo. Amati valavu imapereka mawu onona, ofatsa, osatopetsa khutu, pamene ampulifaya zamakono, ngakhale zimakhoza mayeso onse a mu labotale, zimamveka zouma. Mainjiniya nawo amayankha kuti chimene anthuwa akuchikonda ndi chilema chomwe opanga ampulifaya akalewo anathera moyo wawo akulimbana nacho. Mkanganowu wapitirira zaka 50, ndipo mbali iliyonse ili ndi umboni m'manja.

Valavu sinapangidwire nyimbo. John Ambrose Fleming anapanga yoyamba ku London mu 1904 kuti izikola mauthenga a wailesi, ndipo mu 1906 Lee de Forest wa ku America anawonjezeramo kawaya kachitatu, kamene kanachititsa kuti mphamvu yochepa ya magetsi izitha kulamulira mphamvu yaikulu. Oyamba kuona phindu lake anali a kampani ya lamya ya AT&T. Mawu a munthu ankazilala akayenda mtunda wautali pa waya, choncho mavalavu anaikidwa m'njiramo kuti aziwadzutsa, ndipo mu Januwale 1915 munthu wa ku New York analankhula pa lamya ndi mnzake wa ku San Francisco.

Koma ampulifaya iliyonse inkawonjezera kupotoza kwakekwake, ndipo mawu akadutsa m'makina ambiri otsatizana ankafika ataphwanyika. Harold Black wa ku Bell Laboratories anavutika nalo vutoli zaka zingapo. M'mawa wina mu Ogasiti 1927, akuwoloka mtsinje wa Hudson pa sitima popita ku ntchito, anajambula yankho pa tsamba la nyuzipepala ya New York Times. Njira yakeyo, negative feedback, ndi yotapa pang'ono pa mawu otuluka n'kuwabweza polowera atatembenuzidwa, kuti ampulifaya izikonza yokha zolakwa zake. Mphamvu yokweza mawu imachepa, koma kupotoza kumatsika kwambiri. Nambala ya Leak ija inachokera pa nzeru imeneyi.

Funso loti kodi anthu amafunadi mawu olondola linayesedwa mu 1945 momwemo. Howard Chinn ndi Philip Eisenberg a wailesi ya CBS anamvetseretsa anthu mazana angapo nyimbo ndi zolankhula pa masipika, pena mawu athunthu, pena atadula mawu osongoka apamwamba. Ambiri anasankha odulidwawo, ngakhale akatswiri oimba amene. Harry Olson wa kampani ya RCA sanakhutire nazo. Mu 1947 anaika kagulu ka oimba enieni kuseri kwa nsalu, popanda maikolofoni kapena ampulifaya, ndipo pakati pa oimbawo ndi omvera anaikapo chotchinga chomwe chikatsekedwa chinkaletsa mawu opitirira pafupifupi 5,000 hertz. Omvera sankaona zomwe zinkachitika kuseriko. Ulendo uno ambiri anasankha mawu athunthu. Olson anamasulira kuti anthu a mayeso oyamba aja sankadana ndi mawu apamwamba. Ankathawa kupotoza ndi kusokosera komwe makina a nthawiyo ankaunjika kumtundako.

Zaka 20 zotsatira ndi zomwe okonda mavalavu amazikumbuka ndi mtima wonse. Mu 1947 mnyamata wa ku Edinburgh, D. T. N. Williamson, anasindikiza m'magazini ya Wireless World mapulani a ampulifaya ya mavalavu a KT66, ndipo anthu a m'mayiko ambiri anaimanga okha kunyumba. Peter Walker anatulutsa Quad II mu 1953, ya mawati 15, yomwe inapangidwa mpaka 1970. Ku America David Hafler anayamba kugulitsa Dynaco ST-70 mu 1959, nthawi zambiri ili zidutswazidutswa zoti wogula akalumikize yekha, ndipo zinagulidwa zoposa 300,000. Kampani ya McIntosh, yomwe inatulutsa MC275 mu 1961, inkatumiza katswiri wake m'masitolo ndi zida zoyezera kuti makasitomala abweretse ampulifaya zawo ziyezedwe iwo akuona. Onsewa ankafuna chinthu chimodzi: makina osawonjezera kanthu pa nyimbo komanso osachotsapo kanthu.

M'midzi ya ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia mavalavu analowa pa khomo lina. Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Lusaka, ananyengerera kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wailesi yotsika mtengo yoyendera batire, ndipo mu 1949 kunafika Saucepan Special, ya mavalavu anayi oikidwa m'chigoba cha sefuliya, pa mtengo wa mapaundi 5. Anthu ambiri anamva Chinyanja pa wailesi koyamba, ndi mawu a woimba Alick Nkhata omwe, kudzera m'timababu timeneti. Batire lake linali lalikulu ndiponso lodula, choncho mawailesi a thiranzisita oyendera mabatire a tochi atafika, anthu anawalandira ndi manja awiri.

Thiranzisita inapangidwa ku Bell Laboratories mu Disembala 1947. Sitentha ngati valavu, sifuna mavoti mazanamazana, sikutha msanga, ndipo imalankhulitsa sipika popanda thiransifoma yolemera ya chitsulo ndi mkuwa yomwe ampulifaya zambiri za mavalavu zimadalira. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, makampani pafupifupi onse anali atasamukira kumeneko. Tsoka lake, ampulifaya zoyambirira zambiri zinali ndi chilema. Mathiranzisita awiri ankagawana ntchito, ina ikukankha ina ikukoka, ndipo popatsirana pankatsala kampata. Kupotoza kwa kampatako kunkakula nyimbo ikamalira pansipansi, pomwe makampani ankayeza ampulifaya ikulira ndi mphamvu zake zonse. Pa pepala nambala inali yokongola, koma pa balaza vayolini inkakanda m'khutu. Odandaulawo ankamva zoona, ndipo chikhulupiriro cha anthu pa manambala chinayamba kugwedera pamenepa.

Odandaula anapeza owalankhulira. J. Gordon Holt anali atayambitsa kale magazini ya Stereophile mu 1962, yoweruza zipangizo pomvetsera, ndipo mu 1973 Harry Pearson anayambitsa ina, The Absolute Sound. Ku Minneapolis, William Z. Johnson anatsegula kampani ya Audio Research mu 1970 n'kuyamba kupanga ampulifaya zatsopano za mavalavu pamene anzake ankazitaya. Tsidya linalo kunali Julian Hirsch wa magazini ya Stereo Review, amene kwa zaka zambiri ankayeza chipangizo chilichonse chofika pa tebulo lake, ndipo ankaima nji pa mfundo yoti ampulifaya zoyezeka bwino, zikapanda kukakamizidwa kupyola mphamvu zake, zimamveka mofanana.

Mu 1973 momwemo Russell Hamm, injiniya wa situdiyo ya Sear Sound ku New York, anasindikiza kafukufuku m'magazini ya Audio Engineering Society amene okonda mavalavu amamutchula mpaka lero. Ampulifaya ikapotoza, imabala timawu tatsopano pamwamba pa liwu lomwe yalandira. Liwu lonjenjemera ka 440 pa sekondi limabala lachiwiri la 880, lachitatu la 1,320, lachinayi la 1,760, n'kumakwerabe. Lachiwirilo ndi liwu lomwe lija koma lapamwamba, monga amayi ndi abambo akamaimba nyimbo imodzi m'tchalitchi, aliyense pa msinkhu wa mawu ake, choncho khutu limalilandira ngati kunona. Lachisanu ndi chiwiri kapena lachisanu ndi chinayi siligwirizana ndi liwu loyambalo, ndipo limabaya ngakhale litachepa. Hamm anapeza kuti mavalavu a mtundu wa triode akapanikizidwa amatulutsa kwambiri lachiwiri, pomwe mathiranzisita ankatulutsa kwambiri lachitatu. Omutchula ambiri amaiwala kuti iye ankayeza tiampulifaya ta maikolofoni titadyetsedwa mawu opyola muyeso. Sankayeza ampulifaya yapanyumba ikugwira ntchito yake mwamtendere.

Mainjiniya ankadziwa kale kuti nambala imodzi yophatikiza kupotoza konse imanamiza. D. E. L. Shorter wa BBC anali atalemba mu 1950 kuti timawu takumtundato tiziwerengedwa molemera kuposa tapansi. Koma yogulitsa malonda inali nambala imodziyo, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 makampani ankapikisana kuwonjezera maziro, uyu 0.01 peresenti, uyo 0.005, pansi kwambiri pa malire omwe khutu lingamve.

Kenako kunabwera mayeso obisa. Mu 1978 kampani ya Peter Walker, yomwe inapangapo mitundu yonse iwiri, inapempha katswiri James Moir kuti ayendetse mayeso. Anthu odziwa bwino kumvetsera anayerekeza Quad II ya mavalavu ndi Quad 303 komanso Quad 405 za mathiranzisita, kukwera kwa mawu kutafananizidwa, osadziwa kuti ikulira ndi iti. Zosankha zawo sizinasiyane ndi za munthu wongolota. Mu Januwale 1987 Stereo Review inasindikiza mayeso a David Clark, momwe munali chipangizo cha Pioneer cha madola oposa 200 pang'ono ndi ampulifaya za mavalavu za Futterman za madola 12,000. Mayankho onse atawonkhetsedwa, olondola anali pafupifupi theka. Okonda mavalavu sanagonje. Anati mayeso otere amatopetsa, kusinthasintha mwachangu kumasokoneza khutu, ndipo kukoma kwa chipangizo munthu amakudziwa akakhala nacho miyezi.

Pakati pa mayeso awiriwa panachitika nkhani yomwe inaunika zambiri kuposa onsewo. Mu 1985 Bob Carver, wopanga ampulifaya za mathiranzisita zotsikirapo mtengo, anauza akonzi a Stereophile kuti asankhe ampulifaya iliyonse ya kumtima kwawo, ndipo iye asintha yake kuti izimveka chimodzimodzi. Akonziwo anasankha ya mavalavu yodula kangapo kuposa ya Carver, yomwe pambuyo pake inadziwika kuti inali ya kampani ya Conrad-Johnson. Carver anafika ku Santa Fe, m'chigawo cha New Mexico, n'kudzitsekera m'chipinda cha hotelo ndi zida zake. Analumikiza ampulifaya ziwirizo mwa njira yoti mawu a ina azichotsedwa pa mawu a inzake, kotero kuti chotsala chomveka chinali kusiyana kwake kokha. Anasintha tizipangizo kamodzikamodzi, akumvetsera chotsalacho chikuzilala, mpaka chinatsika ndi madesibelo pafupifupi 70, kutanthauza kuchepa koposa ka 3,000. Holt ndi mwini magaziniyo, Larry Archibald, anamvetsera m'chipinda chawo, pa masipika awo ndi nyimbo zawo, ndipo pomaliza anavomereza m'magazini yawo yomwe kuti alephera kusiyanitsa.

China mwa zomwe Carver anachita chinali kufooketsa dala mphamvu yomwe ampulifaya yake inkagwirira sipika. Sipika silandira magetsi mofanana pa mawu onse. Yolembedwa kuti ndi ya maohm 8 imatha kutsika kufika 4 pa mawu ena, n'kukwera kupyola 20 pa besi. Ampulifaya ya mathiranzisita, yomwe kukana kwake kwa m'kati nthawi zambiri sikufika 0.1 ohm, satekeseka nazo zimenezi. Ya mavalavu, makamaka yopanda feedback, imafika maohm awiri kapena atatu, ndipo mawu ake amakwera ndi kutsika motsatira sipikayo. Besi imafufuma pang'ono, zigawo zina zimabwerera m'mbuyo, ndipo kusintha kwa desibelo imodzi kapena ziwiri pa chigawo chachikulu cha mawu munthu wamba amakumva. N'chifukwa chake ampulifaya imodzi yomweyo imakoma pa masipika a uyu n'kukhumudwitsa pa masipika a mnzake. Ku Santa Fe mbali iliyonse inatolapo chake: kusiyana kunalipodi, koma kunali kotheka kukuyeza ndi kukukopera.

Ampulifaya zakale za feedback, monga Quad II, zili pafupi ndithu ndi kulondola, ndipo zikamalira mosakakamizidwa n'zovuta kuzitulukira. Zosiyana moonekeratu ndi zomwe zinadzuka ku Japan. Kumeneko magazini ya Musen to Jikken, yomwe inayamba mu 1924, inasunga mwambo womanga ampulifaya pamanja, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anthu anabwerera ku mapulani a m'ma 1930: valavu yaikulu imodzi pa sipika iliyonse, popanda feedback. Yokondedwa koposa inali 300B ya Western Electric ya mu 1938, yomwe inkalankhulitsa mafilimu m'nyumba za kanema ku America ndipo imapereka mawati 8 okha. Ogula a ku Japan anakokolola zipangizo zakale za m'nyumba za kanemazo. Jean Hiraga anafalitsa mwambowu ku France kudzera m'magazini ya L'Audiophile, ndipo mu 1989 Hiroyasu Kondo anatulutsa Ongaku, ya mawati 27, ya mathiransifoma okulungidwa ndi waya wasiliva, pa mtengo wa madola zikwi makumi angapo. Zikalira mokweza, ampulifaya zamtunduwu zimapotoza ndi maperesenti angapo. Eni ake amadziwa zimenezo, ndipo ambiri amanena poyera kuti sakusaka kulondola, akusaka mawu owakomera.

Nanga anthu wamba, atabisiridwa dzina la kampani ndi mtengo, amasankha chiyani? Kafukufuku wozama pa funsoli wachitika kwambiri pa masipika. Floyd Toole, ali ku National Research Council ku Ottawa m'dziko la Canada, anapeza m'zaka za m'ma 1980 kuti masipika akabisidwa kuseri kwa nsalu omvera ambiri amagwirizana, ndipo amakonda omwe amayezekanso kuti ndi olondola, monga Olson anapezera kale. Mu 1994, ali ku kampani ya Harman, iye ndi Sean Olive anamvetseretsa antchito anzawo 40 masipika omwewo kawiri, akuwaona ndiponso osawaona. Akuwaona, akuluakulu okongola anakolola mamalikisi. Atabisidwa, kusiyanako kunachepa ndipo kasipika kotsika mtengo kanakwera. Ampulifaya ya mavalavu ili ndi zambiri zokopa maso ndi manja. Imayaka mumdima, imalemera, imayamba yatentha isanalankhule, ndipo mwini wake amatha kuzula valavu ya Mullard n'kuzika ya Telefunken pofunafuna kakomedwe kena. Zonsezi zimalowa m'chisangalalo cha womvera, ndipo ndi zomwe mayeso obisa amachotsa.

Magazini ya Stereophile nayo inasintha. John Atkinson atakhala mkonzi wake mu 1986, inayamba kusindikiza zoyeza za mu labotale pambali pa maganizo a omvetsera, ndipo pa zoyezazo kufufuma kwa besi kwa ampulifaya za mavalavu kumaoneka ndi maso. Holt mwini, polankhula mu 2007 magaziniyo ikukwanitsa zaka 45, anadzudzula makampani a zipangizo zodula kuti anadzichotsera ulemu m'zaka za m'ma 1980 pokana mayeso obisa.

Kwa oimba gitala yamagetsi mkanganowu kulibe, chifukwa kwa iwo ampulifaya ndi mbali ya chida choimbira ndipo kupotoza ndi kumene amakufuna. Valavu ikapanikizidwa imapinda nsonga za mawu pang'onopang'ono, gitala n'kumabuula ndi kukoka liwu, pomwe thiranzisita imangodula mwadzidzidzi. Jim Marshall anapanga JTM45 ku London mu 1962 potengera Fender Bassman, ndipo nyimbo za rock zinakulira pa kubangula kwa ampulifaya zoterezi. M'masitudiyonso mavalavu anasiya chizindikiro chawo. Zimbale zambiri za Beatles zinadutsa m'makina osakanizira mawu a mavalavu a REDD, ndipo cha Abbey Road cha mu 1969 chitajambulidwa pa makina a mathiranzisita a TG12345, injiniya Geoff Emerick anadandaula kuti ng'oma zataya ukali wake, zafewa. Dandaulo lake linali losemphana ndi la masiku ano loti thiranzisita imaumitsa mawu. Kukoma kwa mavalavu a mu situdiyo kunalowa kale m'chimbale, ndipo ampulifaya yolondola imakutulutsa momwe kulili, pamene ya mavalavu imathirapo kwake kachiwiri. Kuyambira 2011 kampani ya Kemper ya ku Germany yakhala ikugulitsa makina omwe amamvetsera ampulifaya ya gitala n'kusunga khalidwe lake m'kompyuta, ntchito yomwe Carver anaigwira pamanja m'hotelo muja.

Oimba magitalawa ndiwo agwirizira msika wa mavalavu. Fakitale yaikulu ya Mullard ku Blackburn inasiya kuwapanga m'zaka za m'ma 1980, ndipo Western Electric inaleka 300B mu 1988. Ku Soviet Union, kum'mawa kwa Ulaya ndi ku China mafakitale anapitirira, ndipo lero mavalavu ambiri a nyimbo amachokera ku Saratov m'dziko la Russia, pa fakitale ya Mike Matthews wa kampani ya Electro-Harmonix ya ku New York, ku JJ Electronic ya ku Slovakia, ndi ku China. Mu Malichi 2022, nkhondo ya ku Ukraine itayamba, boma la Russia linaletsa kutumiza kunja katundu wamitundumitundu, ndipo mavalavu anakodwa m'chiletsocho kwa kanthawi. Mitengo inakwera, masitolo anauma. Western Electric, yomwe Charles Whitener anaidzutsa ndipo ikupanganso 300B ku Rossville m'chigawo cha Georgia, inalengeza kuti ikulingalira zopanga mavalavu a magitala, n'kufunsa anthu pa intaneti mitundu yomwe akuisowa kwambiri. Inasankha kuyamba ndi 12AX7, kavalavu kakang'ono komwe RCA inatulutsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, kamene kamapezeka m'ampulifaya zambiri za mavalavu za Fender ndi Marshall.